Namapopa wa Masana

Tsiku limene Hermínia anafika ku Insaca kudzayamba ntchito ya unamwino, munthu woyamba kulankhula naye anali atakhala pa bokosi la maliro, akudya mtedza wowiritsa.

Mtsikanayu anali atangotsika chapa, kaminibasi kochokera ku Cuamba, fumbi mpaka m'makutu. Anthu pa paraje, pokwerera magalimoto paja, ankalilambalala bokosilo, azibambo atavula zipewa, azimayi atatsitsa mawu. Koma mnyamata wina wamtali, woonda ngati bango, anali phee pamwamba pake, akulavulira makoko pansi.

Hermínia analephera kudzigwira.

"Achimwene, kwanu simuphunzitsana ulemu? Mpaka kukhalira maliro?"

"Musadandaule mana, achemwali anga. Mwini wake wandilola."

"Mwini wake ndani?"

"Ndine."

Hermínia anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzidendene. Wamisala kodi? Woledzera? Koma maso a mnyamatayo anali oyera, ndipo ankayamba kuseka okha pakamwa pasanatseguke.

"Ndimagonamo Loweruka lokha," anatero mnyamatayo. "Masiku enawa ndimagona pamphasa ngati munthu aliyense. Dzina langa ndi Kondwelani. Bwerani muone."

Anatsegula bokosi lija. Munalibe maliro. Munali chikhoti chakuda chogula pa kaunjika wa kalamidade, kambale ka musiro, ufa woyera uja atsikana a Chimakua amapaka kumaso, ndi kamera yaing'ono yokulungidwa m'chitenje cha kapulana.

"Ndikupanga filimu," anatero. "Ndipo inu mwandikalipira bwino kwabasi. Nkhope imeneyo ndaifunafuna boma lonse lino."

"Pitirizani kufunafuna," anayankha Hermínia, nanyamula chikwama chake.

Atafika pokhotera ku chipatala, anacheuka. Anacheukiranji? Mwini wake sanadziwe. Mnyamata uja anamuvulira chipewa chimene analibe.

Insaca ndi yaing'ono. Munthu amene wafuna kukumana nawe amakumana nawe basi. Sabata isanathe, Kondwelani anali atadziwa nthawi imene Hermínia amaweruka, ndipo tsiku lililonse ankapezeka kuti nayenso akulowera komweko.

Anali ndi kanyumba koonetsera kanema kuseri kwa msika. Panjira anamufotokozera mmene nkhani ya bokosi inayambira. Tsiku lina masipika anapsa anthu atadzaza, ndipo pofuna kuti asabalalike, anaika chimbale china chimene anachitola m'thumba la zimbale zakale ku Nampula. Inali filimu ya azungu yakalekale, yakuda ndi yoyera, yopanda mawu ngakhale amodzi. Inali ya munthu wakufa amene ankadzuka m'bokosi n'kumayamwa anthu magazi.

"Mukanaona, mana! Myao, Mmakua, Mnyanja, onse anakuwira pamodzi. Kwa nthawi yoyamba palibe anandikoka malaya kundifunsa kuti, 'Wati chiyani mzunguyo?' Ndiye ndinati ayi, iyi tiipangenso. Yathu. Ya konkuno."

"Ya konkuno ikhala yotani?"

"Nkhondo yatha. Anthu akubwerera kwawo kuchokera ku Malawi, akuwoloka nyanja ya Chiuta pa mabwato. Pakati pa miphika ndi mphasa pali bokosi limene palibe akudziwa mwini wake. Aliyense akuganiza kuti ndi la mnzake, ndiye akuthandizana kunyamula. Mkatimo ndi mmene muli namapopa."

Hermínia anaima. Iye mwini anabadwira m'kampu ya othawa nkhondo, ndipo anabwerera kuno ali kumbuyo kwa amayi ake. Kondwelani nayenso anabadwira tsidya lomwelo.

"Ndiye athana naye bwanji?"

"Chinthucho chimaopa dzuwa. Mtsikana wina amachicheza m'nyumba mpaka dzuwa lili paliwombo, kenako azimayi a m'mudzi amasasula denga."

"Nanga mawu?"

"Palibe. Kamera yanga inagontha kale. Komanso amene anaiona nkhondo sakonda kuikamba. Bambo anga mukawafunsa za nthawi imeneyo amangoyang'ana kumbali. Filimu yopanda mawu mwina akhoza kuionera."



"Vuto ndi mtsikanayo," anatero Kondwelani. "Aliyense amene ndamupempha, amayi ake andithamangitsa ndi chipande."

"Achita bwino."

"Loweruka, kusitolo yakale ija ya zibowo za zipolopolo. Dzuwa likafika pakati."

"Sindibwera."

Loweruka Hermínia anabwera. Anati wadzangoonerera.

Anthu a filimuyo analipo awiri okha: Kondwelani, ndi Masudi, msodzi wa ku Chiuta amene anaphunzira naye sukulu, amene ankagwira kamera. Ankajambula masana dzuwa likuswa mtengo, chifukwa analibe nyali. "Usiku tidzaupanga pa kompyuta," ankatero Kondwelani. "Mdima sugulidwa."

Kondwelani atapaka musiro nkhope yonse, kuvala chikhoti chija, kumangirira zikhadabo za bango ku zala ndi kulumira mano awiri osema ku makaka, Hermínia anabwerera m'mbuyo osadziwa. Mnyamata wa mtedza uja anali atasanduka chinthu chimene sungafune kukumana nacho ngakhale pamsika.

"Poronto, tamupeza mtsikana wathu!" anafuula Masudi. "Mana, imani apa. Pakamwa pazingogwedera. Nenani chilichonse, kamera iyi siimva."

Loweruka loyambalo Hermínia ankatchula mayina a matenda a pa kalata ya sikelo, Kondwelani n'kumayankha ndi zitsulo za njinga.

"Chikuku!" anakuwa mtsikanayo atagwira pamtima.

"Tcheni!" anabangula namapopa.

"Kafumbata!"

"Sipoko ziwiri zakumbuyo!"

Masudi anaseka mpaka kamera kugwedezeka, ndipo anayambiranso.

Koma Loweruka lina zinthu zinasintha. Ankajambula pamene namapopa wamutsekereza mtsikana pakhoma. Kondwelani anaweramira pafupi, mawu ake atatsika.

"Hermínia, masiku ano ndikamadutsa pa chipatala panu ndimasirira odwala."

"Musirira odwala? Chifukwa?"

"Mumawagwira dzanja. Mumawafunsa pamene pakupweteka."

Mtima wa Hermínia unagunda ngati wathamanga. Komabe anafunsa ngati namwino. "Inu pakupweteka pati?"

Kondwelani anaika zikhadabo zake za bango pachifuwa. "Apa. Kuyambira tsiku lija pa paraje."

"Eyaa! Mantha amenewo!" anakuwa Masudi kuseri kwa kamera. "Onjezerani mantha, mana, mukutha!"

Anali mantha kodi? Nanga mantha amafunditsa masaya chonchi?

"Zimenezi ndi za filimu?" ananong'ona Hermínia.

"Filimu ilibe mawu, Hermínia. Mawuwa ndi anga."

Kuyambira tsiku limenelo "inu" anatha pakati pawo.

Ku nyumba za anamwino redi ya foni inkagwira pachulu chokha cha kuseri, ndipo anzake a Hermínia anayamba kumuseka kuti asamutsire bedi pomwepo. Akangoweruka, ali pachulu, foni m'mwamba.

"Dotora wanga, wafika bwino? Lero ndaonetsa filimu ya ndewu koma sindikudziwa amene wapambana. Ndimangoona iwe."

"Namapopa wanga, wadya? Usadyenso mano aja ngati dzana. Loweruka tikuwafuna."

"Njala inandipweteka, duwa langa. Ndisema ena. Koma mtimawu sindingaseme wina, usaugwetse."

"Uli m'thumba la bata yanga, chovala changa cha ntchito chija, pamodzi ndi thonje. Sugwa."

Masudi atamva Hermínia akumuitana mnzake dzina la namapopa lija, sanaseke.

"Mana, kuno mutha kutero. Koma kwathu kunyanja liwu limenelo musalitchule. Kumeneko mphekesera ya anamapopa ikabuka, anthu amagona panja ndi zibonga. Si nthabwala."

Hermínia anamva. Kondwelani nayenso anamva. Koma anthu okondana amamva ngati mmene mwana amamvera akamauzidwa kuti mango ndi osapsa.

Lamulungu lina atakhala pansi pa mtengo wa mkesha, akugawana botolo limodzi la refiresiko yozizira, Hermínia anamufunsa:

"Iwe Kondwe, filimu ikatha, nanenso ntchito yanga yatha?"

Kondwelani anaika botolo pansi. Nkhope yake inalibe musiro, inalibenso nthabwala.

"Tamvera. Ine ndinathawa ndili m'mimba mwa amayi, ndinabwerera ndili ndi zaka zoyamba sukulu. Kuthawa ndinamaliza ndili mwana. Kaya kubwere chiyani, ukacheuka udzandipeza."

Hermínia anawasunga mawu amenewo. Anawasunga bwino kwambiri, moti pambuyo pake anamubaya.

Kunatsala chigawo chimodzi, chachikulu pa zonse: bwato la namapopa likufika padooko. Anagwirizana kuti Masudi akalengeze kumzikiti Lachisanu kuti kubwera anthu a sewero, kenako Loweruka akajambule. Koma Hermínia anauzidwa kuti Lachitatu apita ndi birigada, galimoto ya chipatala yoyendera midzi, kukapereka katemera ndi kuyeza malungo kumudzi kwa Masudi komweko.

"Mulungu watipatsa mwayi!" anatero Kondwelani. "Ife titsogola ndi bokosi. Iwe ukapuma masana, ungotsetsereka kudooko."

"Nanga kulengeza?" anafunsa Masudi.

"Tidzawauza tikamaliza. Akadziwiratu, ana onse adzadzaza kutsogolo kwa kamera n'kumavina. Ndikufuna dooko lili mmene limakhalira."

Masudi anakanda kumutu, koma anali atawaonapo ana a kwawo akaona kamera. Anavomera.

Lachitatu m'mawa ntchito inayenda bwino. Pansi pa mkuyu mzere unali wautali. Hermínia ankabaya zala, kudonthetsa kadontho ka magazi pa kachipangizo koyezera, kubaya ana katemera ndi kuwatonthoza. A Mastura, mayi wa mawu aakulu amene azimayi onse oyanika matemba ankamumvera, anabwera ndi mdzukulu wawo, ndipo pochoka anamusiyira Hermínia mlamba wowamba wokulunga m'tsamba.

"Udye, mwanangu. Mkono wako ndi wofewa, mwana sanalire."

Dzuwa litafika paliwombo, Hermínia anatsetsereka kudooko. Analibe nthawi yosintha, ndiye anapita ndi bata yake yoyera. Kabokosi kozizira ka katemera sakanakasiya kokha, ndiye kanali paphewa. Masudi anali atabisala m'mabango patali ndithu kuti ajambule dooko lonse. Palibe amene ankamuona.

Bwato linatulukira m'mabangomo likuyandama lokha, lopanda wopalasa. Azimayi a pa matemba anaweramuka. Chivundikiro cha bokosi chinatseguka pang'onopang'ono. Munatuluka zikhadabo, kenako nkhope yoyera mbuu.

Hermínia analowa m'madzi mpaka m'mawondo monga anapanganirana, natambasula dzanja. Chinthucho chinaligwira, n'kuweramira pakhosi pake.

"Dotora wanga," chinanong'ona, "ukununkhira ngati mvula yoyamba."

Hermínia anaseka. Ndi kuseka kumeneko kumene kunawononga zonse.

Azimayi aja anaona chiyani? Anaona namwino amene m'mawa wonse watenga magazi a ana awo, kabokosi kali paphewa, akusekerera ndi mzukwa wotuluka m'bokosi la maliro dzuwa likuwala.

"Anamapopa! Mayo ine, anamapopa!"

Dooko linatembenuka. Malichero anagwa, ana analira, azibambo anatulukira ndi nkhafi ndi zibonga. Masudi anadzambatuka m'mabango akukuwa m'Chiyao kuti ndi sewero chabe, koma munthu wotuluka m'mabango ndi kachitsulo m'manja anangowonjezera moto. Wina anamukankha, kamera inagwera m'matope, ndipo inafa ndi filimu yonse m'mimba mwake.

Dalaivala wa birigada anamukoka Hermínia mkono mpaka m'galimoto. Mwala unaswa galasi. Galimoto ikuthawa, mtsikanayo anacheuka.

Anamuona Kondwelani. Anali atataya bokosi m'madzi, watola nkhafi imene inali pansi m'bwatomo, akupalasa ndi mphamvu zake zonse kuloza tsidya la Malawi. Sanayang'ane m'mbuyo ngakhale kamodzi.

Madzulo a tsiku lotsatira Hermínia anakwera pachulu. Uthenga unalowa, wochokera pa nambala ya ku Malawi.

"Ndili kwa azakhali ku Nayuchi. Usandiimbire. Akakufunsa uziti sundidziwa. Ndiiwale, Hermínia, ndi mmene ungapulumukire."

Anauwerenga ataima. Anauwerenganso atakhala. Ndiiwale! Munthu amaiwalika ngati ambulera kodi? Sundidziwa! Nanga dooko lonse silinamuone akuseka m'manja mwake?

Analemba: "Unati kuthawa unamaliza uli mwana. Ndacheuka, Kondwelani. Uli kuti?"

Yankho silinabwere. Anakhala pachulupo mpaka udzudzu unamuthamangitsa, ndipo polowa m'nyumba anapeza mlamba wa a Mastura udakali m'thumba la bata. Pamenepo ndi pamene analira.

Mphekesera inafika ku Insaca iye asanapukute misozi. Pa chipatala azimayi ankati akaona kuti ali pa tebulo ndi Hermínia, ankachoka pamzere n'kukaima kwa namwino wina. Pamsika wogulitsa tomato anamuikira tomato pansi m'malo momupatsa m'manja. Kanyumba ka kanema kanali kotseka, ndipo wina anajambula mtanda ndi khala pachitseko.

Shefe, mkulu wa chipatala, anamuitana. Anali bambo wodekha amene sankakweza mawu, ndipo poitana namwino ankati "Enfermera", m'Chipwitikizi.

"Enfermera, ine sindikukuimbani mlandu wa ufiti. Wa uchitsiru wokha. Koma chikuku chayamba ku Amaramba, ndipo ana a ku Chiuta theka sanabayidwe. Lachitatu likubwerali birigada ibwerera. Nditumiza wina. Inu ndipempha kuti akusamutseni, mukayambirenso kwina kumene sakudziwani."

"Shefe, mukatumiza wina adzati nayenso ndi mnzanga. Ndipo ine ndikasamuka, ndiye kuti ndavomera. Ndipita ndekha."

Shefe anavomera ndi mutu.

"Mudzaima pafupi ndi galimoto, injini ikulira. Akakana, nkhani yosamuka sitidzakambirananso."

Madzulo amenewo Hermínia anakweranso pachulu, nalemba uthenga umodzi wokha: "Lachitatu ndikubwerera ku Chiuta. Sindikukuitana. Ndikungokudziwitsa."

Anadikira? Inde anadikira, ngakhale anadziuza kuti akungopuma mphepo. Foni inangoti zii.

Lachitatu m'mawa anayala tebulo lake pansi pa mkuyu womwe uja. Thonje apa, katemera apa, zoyezera malungo apa. Mpando wa wodwala unali wopanda munthu. Anthu analipo, ndipo anali ambiri, koma anaima patali, azimayi atabereka ana molimba, azibambo atatsamira nkhafi zawo.

A Mastura ndi amene anasendera.

"Mwanangu, ine ndinakupatsa nsomba ndi dzanja langali. Undiuze zoona. Magazi a mdzukulu wanga unapita nawo kuti?"

"Amayi, kanali kadontho kamodzi. Timayezera malungo, kenako timawotcha. Chimene munaona kudooko linali sewero la kanema."

"Masudi watiuza zomwezo. Koma sewero limabisala m'mabango? Sewero limathawira ku Malawi? Ngati linali sewero, mwini wake ali kuti?"

 Funso limenelo ndi lomwe Hermínia nayenso ankagona nalo, kudzuka nalo.

"Enfermera, tiyeni," anatero dalaivala chapansipansi. "Taonani anyamata awo akutola miyala."

Pamenepo kunamveka belu la njinga.

Masudi anali kutsogolo, akuyenda wapansi, manja ali m'mwamba. Kumbuyo kwake kunali mnyamata wamtali woonda, wovala malaya wamba, akukankha njinga imene inali ndi mtolo wakuda pakaliyala. 

"Ndi yemweyo!" wina anakuwa. Mwala unagwa pafupi ndi tayala. Wina unamenya mtolo uja.

Kondwelani sanaime. Anafika pamaso pa a Mastura, anagoneka njinga, nagwada.

"Salamu aleikumu, amayi. Namapopa uja ndine. Ndine mwana wa a Jeremiya a ku Insaca, amene amasoka matayala pafupi ndi msika. Ndinakulakwirani. Ndinalowa padooko panu ndi zoopsa osapempha, ndipo zitavuta ndinathawa n'kumusiyira mlandu mtsikana uyu. Iye analakwa chimodzi chokha, kundikhulupirira."

Anamasula mtolo. Anayala pansi chikhoti, zikhadabo, kambale ka musiro, ndi mano awiri. A Mastura anatola dzino limodzi ndi nsonga za zala, kulinunkhiza, kenako kuliluma.

"Makaka awa," analengeza. "Ndipo ndi owawa. Sadziwa n'kusankha chinangwa komwe."

Ena anaseka pang'ono, koma a Mastura anakweza dzanja.

"Mzukwa taona kuti ndi wabodza. Koma magazi aja anali enieni. Ngati mtsikanayu sakuba magazi, ayambe iwe. Khala apo, tione ndi maso athu."

Nkhope ya Kondwelani inayera popanda musiro.

"Ine, amayi?"

"Iwe amene."

Anadzuka, nakakhala pampando uja ngati munthu wokhala pa minga. Hermínia anamugwira dzanja osamuyang'ana kumaso. Linali lozizira, lonyowa thukuta.

"Dotora," ananong'ona, "pali chimene sindinakuuze."

"Zilipo zambiri. Tambasula chala."

"Ayi, ichi n'chofunika. Ine magazi ndi..."

Hermínia anabaya. Mwina anabaya mwamphamvu pang'ono kuposa mmene anaphunzirira ku sukulu. Kadontho kofiira kanatuluka, kakang'ono ngati njere ya mapira. Anakweza chalacho kuti onse aone.

Kondwelani nayenso anaona. Maso anatembenuka, khosi linafooka, ndipo namapopa wa nyanja ya Chiuta anatsetsereka pampando n'kugwa chagada m'fumbi, miyendo m'mwamba.



Kenako a Mastura anagwira m'chiuno. Kuseka kunayambira m'mimba, kunakwera, mpaka kunaphulika.

"Ameneyu? Ameneyu ndi amene tinamuthawa, kusiya matemba akudyedwa ndi akhwangwala? Amuna athu kugona panja sabata yathunthu, kulumidwa ndi udzudzu, kudikira ameneyu?"

Dooko lonse linagwa nacho chiseko. Azibambo anayamba kulozana kuti anathamanga kwambiri ndani tsiku lija. Anyamata aja anataya miyala mwakachetechete ngati sanaitole ndi iwo. Hermínia anadonthetsa kadontho kaja pa choyezera, nachiika poyera pa tebulo, azimayi atamuzungulira. Patapita kanthawi anawaonetsa kamzere kamodzi.

"Alibe malungo," anatero. "Ndi mantha chabe."

A Mastura anapukuta misozi ndi kapulana, anamasula mdzukulu wina kumbuyo kwa mpongozi wawo, namuika pamiyendo pa Hermínia.

"Uyu tsiku lija anatsala. Baya, mwanangu. Ndipo inu nonse imani pamzere, mukufuna chikuku chikupezeni mukuseka?"

Kondwelani anatsitsimuka azimayi awiri akumukupiza ndi malichero. Anakwawa mpaka pafupi ndi tebulo.

"Hermínia."

"Ndili pa ntchito."

"Duwa langa, ndimvere pang'ono pokha."

Hermínia anamaliza kubaya mwana, anamusisita, anamubwezera kwa amake. Kenako anatembenuka, ndipo maso ake anali odzaza.

"Unandisiya, Kondwe. Ndinacheuka, ndinaona msana wako. Kenako unandiuza kuti ndikuiwale, ngati ndine amene ndinali ndi ntchito yoti ndichite."

"Ndinaopa. Ndinadzinamiza kuti ndikukuteteza, koma ndinkateteza khungu langali. Ndikuopabe, ndaopa njira yonse kuchokera ku Nayuchi. Koma kumene kuja ndinkadzuka m'mawa wopanda wondifunsa ngati ndadya. Azakhali ankafunsa, koma sizinkamveka chimodzimodzi. Kuopa ndili nawe pafupi ndingathe. Kukhala bwino ndili kutali nawe ndayesa, zandikanika."

"Filimu yako inafa. Mtsikana wa filimu sukumufunanso."

"Filimu tidzapanga ina, ndipo tidzayamba tapempha. Ine sindinabwerere mtsikana wa filimu." Anasendera pafupi. "Dzulo ndinadzera kwa amalume anga. Ndawauza zonse. Anditukwana mokwanira, kenako afunsa funso limodzi. Akufuna adziwe njira ya kwa amalume ako."

Mzere wonse unatchera khutu. Ngakhale ana anaoneka ngati akumvetsera.

Hermínia anayang'ana thonje limene linali m'manja mwake. Amukhululukire msanga chonchi? Munthu amene anamuliritsa pachulu ngati mwana? Koma ndi munthu yemweyu amene wadutsa pakati pa miyala, n'kupereka chala chake akudziwa bwino chimene chimuchitikire.

"Muyankhe, mwanangu," anatero a Mastura, "asanakomokenso. Malichero tikuwafuna ku matemba."

Hermínia anapukuta m'maso ndi mkono wa bata.

"Ku Cuamba, kuseri kwa siteshoni ya sitima. Akafunse a João okonza mawailesi. Ndipo uwauze amalume akowo kuti asapite ndi iwe, amalume anga amapha nkhuku alendo akuona."

Nthungululu inalira kuyambira kutsogolo kwa mzere mpaka kudooko. Masudi anaponya kofia yake m'mwamba. Kondwelani anafuna kudzuka kuti amukumbatire, koma Hermínia anamuloza ndi chala.

"Khala pomwepo. Gwira mbale ya thonje iyi, ndipo usaigwetse. Wotsatira!"

Mzere unatha dzuwa litapendeka. Nthawi yonseyo Kondwelani anakhala m'fumbi pafupi ndi mpando wa Hermínia, mbale ili m'manja. Namwino akangonyamula jakisoni, iye ankatsinzina mwamphamvu n'kutembenuzira nkhope kunyanja, koma dzanja lopereka thonje silinachoke pamalo pake.